Mwendo wa mkamwini pa phiri la Domwe

Anthu a kuno ku Angónia sakwera phiri popanda chifukwa. Amayi amakwera pofuna nkhuni kapena bowa, anyamata amakwera potsata ng'ombe kapena mbewa, a mpingo amakwera kukapemphera. Koma munthu wongoti ndikukaona pamwamba, anthu amamuyang'ana kawiri, ena n'kumanong'onezana kuti kapena mutu wayamba kusokonekera. N'chifukwa chake mudzi wina wa m'dera la Dómuè udatekeseka pamene bambo wina wa zaka zopitirira 40, amene adali atangosiya kumene ndodo za kuchipatala, adanena poyera kuti akwera phiri la Domwe mpaka pansonga ndi kubwerako tsiku lomwelo.

Domwe si chulu ai. Ndi limodzi mwa mapiri aatali koposa m'chigawo chonse cha Tete, ndipo nsonga yake imapitirira mamita 2000 kuchokera pa nyanja yamchere. Ndi m'tsinde mwa phiri lomweli m'mene Angoni a Maseko adakhazikika cha m'ma 1870, motsogozedwa ndi Chidyaonga, atabwerera kuchokera ku Songea. Munthu wa miyendo iwiri yabwinobwino amabwerako atatheratu. Nanga wa mwendo umodzi ndi theka?

Ngozi idamugwera m'mwezi wa Epulo, mvula ikutha koma misewu ikadali yoterera. Adamanga matumba awiri a mbatata ya kachewere pa njinga yakapalasa, ulendo wa ku msika wa kumalire ku Calómuè. Inu amene mudakankhapo njinga yotere mukudziwa kuti pamtsetse mwini njinga salamulanso, wolamula ndi katundu. Mabuleki adakana, gudumu lakutsogolo lidalowa m'ngalande yokumbidwa ndi madzi, ndipo njinga pamodzi ndi thumba limodzi zidagwera pa mwendo wake wakumanzere. Fupa la msongolo lidathyoka pakati pa bondo ndi kakolo.

Achibale ena adafuna kumutengera kwa sing'anga wodziwa kumanga mafupa ndi timitengo ta nsungwi. Mkazi wake ndiye adakana. Adabwereka ngolo mpaka pamsewu waukulu, kenako chapa mpaka kuchipatala, kumene adamujambula mwendo, kuuwongola ndi kuuika m'chikhakha, chija ena amachitcha gesso. Mayiyu adachita bwino. M'midzi muno muli anthu angapo oyenda chopendekera moyo wawo wonse chifukwa fupa lidalumikizana mokhota, popeza womangayo sadaone m'kati.

Chikhakha chidakhala miyezi itatu. Tsiku lochichotsa bamboyu adayembekeza kuti aona mwendo wake wakale, koma adaona china: kamwendo koonda ngati ka mwana, khungu lotuwa ndi losupuka, kakolo wouma wokana kupindika. Pamene padathyoka padali kamfundo kolimba pansi pa khungu. Namwino adamuuza kuti kamfundoko ndi fupa latsopano, asakaope. Choopsa, adatero namwinoyo, ndi mnofu. Fupa limadzilumikiza lokha munthu ali chigonere, koma mnofu wa m'ntchafu ndi wa m'katumba umafota ukakhala masabata ochepa okha osagwira ntchito, ndipo subwerera ndi mankhwala kapena jakisoni. Umabwerera ndi kuyenda basi. Adamuuzanso kuti asiye chingambwe, poti fodya amachedwetsa kupola kwa fupa. Kwa munthu wa dziko lolima fodya mawu amenewa adali owawa kuposa jakisoni, koma adayesetsa.

Tsono vuto lenileni silidali kuchipatala. Lidali kumudzi.

Bamboyu ndi mkamwini. Minda imene amalima ndi ya mbumba ya mkazi wake: dimba kumadambo, ndi munda waukulu wa kumtunda, potsetsereka, pamene pamachita bwino chimanga, nyemba ndi mbatata. Nthawi yonse imene iye adali chigonere, mlongo wa mkazi wake ndiye adakolola chimanga, kututa ndi kuthirira dimba. Adagwira ntchitoyo ndi mtima wonse, palibe angamunene. Koma pofika Ogasiti nkhani idayamba kumveka pa mowa ndi pa mjigo yoti munda wa kumtunda uyenera kupatsidwa kwa mlamuyo, poti wopunduka sangalime potsetsereka. Amalume a mkazi, amene ndiwo eni mbumba, sadanene kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kudali koopsa kuposa mawu. Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Munthu walima munda zaka pafupifupi makumi awiri, wachotsa zitsa ndi miyala, wathiramo manyowa a ng'ombe chaka ndi chaka, koma tsiku limodzi la pamtsetse likhoza kumusandutsa mlendo wongodya.

Sadakangane ndi munthu. Adayamba kuyenda. Sabata loyamba adafika pa mjigo ndi ndodo ziwiri za kuchipatala, zija amati muleta, napuma pa mwala wochapirapo zovala amayi akumuseka mwachifundo. Kenako ndodo imodzi mpaka kutchalitchi. Kenako ndodo wamba ya mtengo mpaka kudimba, kumene adayamba kutunga madzi ndi theka la kheni. Adatenga luzi, nayeza ntchafu yabwinoyo ndi kumanga mfundo, ndipo Lamulungu lililonse ankakulunga luzilo pa ntchafu yofookayo kuti aone mpata wotsala. Poyamba pankalowa zala zitatu. Pofika kumapeto kwa Sepitembala padatsala chala chimodzi.

Malangizo a namwino adawasunga ngati katekisimu. Ndodo igwiridwe ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino, osati la mbali yovulala monga ambiri amachitira. Pokwera, utsogole mwendo wabwino. Potsika, utsogole wovulala. Kuwawa kwa mnofu kumene kumatha munthu akapuma n'kwabwino. Koma kubaya pamalo penipeni pamene padathyoka, kapena kutupa kosaphwa mpaka m'mawa, kumeneko n'kubwerera kuchipatala msanga.

Ganizo la Domwe lidabwera m'mwezi wa Okutobala, anthu atayamba kusosa ndi kugalauza. Adapita kwa mlamu wake madzulo ena.

"Alamu, Loweruka mundiperekeze kuphiri."

"Kuphiri kukatani, alamu? Nkhuni zatha kodi?"

"Nkhuni zilipo. Ndikufuna mukaone ndi maso anu. Ndikakafika pamwamba n'kubwerako ndi miyendo yangayi, mukawauze amalume zimene mwaona. Ndikakalephera, mukawauzenso zomwezo. Sindidzatsutsa."

Mlamuyo adakhala chete kanthawi, poti adazindikira kuti nkhani za pa mowa zija zidafika. Kenako adati, "Chabwino alamu. Koma mukakagwa, wokusenzani ndine, ndiye musadye kwambiri."

Kunena zoona, ulendowu udali wouma mutu. Miyezi isanu ndi umodzi chithyokere fupa la msongolo si nthawi yaitali, ndipo namwino akadafunsidwa akadati yambani mwakwera kaphiri kakang'ono kangapo. Mkazi wake adanena zomwezo, nawonjeza kuti munda ungapite koma mwendo ukathyokanso ndalama ya chapa palibe. Ataona kuti mwamunayo sakumva, adaphika mbatata ya kholowa, adakazinga chimanga ndi mtedza, nadzaza thobwa m'botolo. Adalamulanso kuti mwana wawo wa zaka 12 apite nawo atanyamula chigubu cha madzi cha malita asanu, kuti chikachitika chinthu pakhale wothamanga kudzanena.

Adanyamuka tambala wachiwiri atalira. Okutobala ndi mwezi wotentha ngakhale kuno kumapiri, ndipo wofuna kukwera ayenera kudya mtunda dzuwa lisanakwiye. Ora loyamba lidali la m'minda, njira yodziwika, mwendo ukuyenda bwino mpaka bamboyo adayamba kuimba mluzu. Kutacha adalowa m'nkhalango ya misuku ndi mitondo. Masuku adali atayamba kugwa apo ndi apo, mwana akutola ndi kuponya m'thumba. Moto wolusa wa osaka mbewa udali utadutsa kale m'malo ambiri, kotero pansi padali phulusa lakuda ndi zitsa za tsekera zosongoka ngati misomali. Apa jombo zimene adabwereka kwa mnzake zidamuthandiza. Wa nkhwaila akadalira.

Pamene mitengo idayamba kuchepa ndi pamene phiri lidayamba kulankhula. Njira idasanduka ya miyala, ina yogwedera, ina yofuna kuti munthu akweze bondo mpaka pachifuwa. Mwendo wabwino patsogolo, ndodo, kenako kukoka wofookawo. Mwendo wabwino, ndodo, kukoka. Atachita chomwecho kwa ora lathunthu adazindikira chinthu chimene sadachiganizire: woyamba kudandaula sudali mwendo wovulala koma wabwinowo, umene unkagwira ntchito ya awiri. Ntchafu yakumanja idayamba kunjenjemera. Ndiponso mpweya. Miyezi itatu ya pamphasa idafooketsa chifuwa chomwe, ndipo mtima unkagunda m'makutu ngati ng'oma ya gule.

Adapangana ndi mwana wake kuti aziwerenga. Mapazi zana limodzi, kupuma. Pambuyo pake makumi asanu, kupuma. Pena pake makumi awiri okha. Mlamu uja ankatsogola pang'ono, n'kukhala pa mwala ngati akuyang'ana anyani amene ankabwebweta kutsidya kwa chigwa, koma diso lili pa mwendo wa mnzakeyo. Sadamugwire dzanja ngakhale kamodzi, ndipo m'menemo mudali ulemu, poti akadamugwira umboni wonse ukadaonongeka.

Dzuwa lili pafupi kufika pamutu adakumana ndi thanthwe lalikulu lopendekeka, loti munthu akwere chokwawa. Bamboyo adaima pansi pake nthawi yaitali. Chimene chidamugwira pamenepo sichidali kutopa. Adali mantha. Chithyokere fupa, adali asadayerekeze kuika thupi lake lonse pa mwendo wakumanzere wokha popanda ndodo, ndipo pathanthwepo padalibe njira ina: phazi lamanzere pa kamng'alu, manja pamwala, lamanja m'malere. Amene adathyokapo fupa amadziwa kuti phokoso lija la tsiku la ngozi silichoka m'makutu. Munthu amalimva nthawi iliyonse akafuna kuponda mwamphamvu.

"Ababa, tibwerere?" adafunsa mwana.

"Tenga ndodoyi. Ukandipatsire pamwamba."

Adaponda. Mwendo udanjenjemera, koma udagwira. Atafika pamwamba pa thanthwe adakhala pansi nayamba kusisita kamfundo kaja, akuseka yekha, thukuta ndi phulusa zili chuchuchu kumaso. Mlamu adamupatsa thobwa osanena kanthu.

Pansonga adafika dzuwa litapendeka pang'ono, patatha maora oposa asanu ndi awiri chinyamukire. Kumwambako kunkawomba mphepo yozizira yoti munthu wonyowa ndi thukuta ayambe kufuna jekete, pamene kumudzi nkhuku zidali zitayasamula kukamwa ndi kutentha. Amene amayembekeza kuona dziko lonse m'mwezi wa Okutobala amakhumudwa, chifukwa utsi wa moto wa m'tchire umaphimba chilichonse. Midzi yapafupi inkaoneka, malata akung'anima, madambo obiriwira ngati timizere pakati pa minda yofiira. Kutali kudali mbuu. Koma chakum'mawa, m'kati mwa utsiwo, chithunzi cha phiri la Dedza chinkaoneka ndithu.

Bamboyo adaliyang'ana nthawi yaitali, kenako adayamba kuuza mwana wake za kumeneko. Adali wamng'ono kuposa mwanayo pamene nkhondo idakula m'dera lino mu 1986, anthu miyandamiyanda n'kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Adayenda usiku, amayi ake atasenza mtolo ndi mwana kumsana, iye akukoka mbuzi imodzi imene idathawa m'njira. Sukulu adayambira kutsidyako, ndipo adakula ndi ufa ndi nandolo zolandira pamzere. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, iwo adabwerera chaka chotsatira n'kupeza mudzi uli tchire. Masiku amenewo palibe akadayerekeza kuyenda m'thengo mwachisawawa monga adachitira iwo tsikuli, poopa mabomba okwirira pansi, ndipo padapita zaka zambiri mpaka 2015 pamene boma lidalengeza kuti ntchito yochotsa mabombawo m'dziko muno yatha. Mwanayo ankamvetsera uku akudya mbatata. Kwa iye Dedza ndi kumene amagula sopo ndi mabatire, ndipo malire ndi msewu wa tala umene anthu amaoloka tsiku ndi tsiku.

Akadakhala kuti nkhani ya phiri imathera pansonga, bwenzi bamboyu atapambana mlandu wake pompo. Koma wokwera aliyense ayenera kutsika.

Kutsika ndi ntchito ina. Pokwera mnofu umakankha, potsika umagwira mabuleki, ndipo mabuleki ndiwo adali asadabwerere m'ntchafu yofooka ija. Phazi lililonse thupi lonse linkagwera pa bondo, bondo n'kumafuna kupindika lokha. Kakolo wouma uja, amene pokwera sadavute kwenikweni, tsopano ankakana kutsata kupendekeka kwa nthaka. Pathanthwe paja adatsika chokhala, akudzikhwekhwereza ndi matako ngati mwana, buluku n'kung'ambika. Pamiyala yogwedera ankatsika cham'mbali ngati nkhanu. Madzi adatha asadafike m'misuku. Mwana uja adali atamwa ambiri pokwera, ndipo palibe adamudzudzula.

Adagwa kamodzi. Mwala udagubuduka pansi pa phazi lamanja, mwendo wamanzere udalephera kugwira, ndipo adapezeka ali chagada m'phulusa, chigongono chikutuluka magazi. Onse atatu adangoti zii. Bamboyo adayamba kupapasa msongolo pang'onopang'ono kuyambira pabondo mpaka pakakolo, akudina ndi chala pa kamfundo kaja. Sipadabaye. Adapempha ndodo nadzuka yekha.

Atayenda pang'ono adaima, nati, "Alamu, mwaona?"

"Ndaona, alamu. Mwala uja ndi woipa, ukadagwetsa aliyense."

"Musandikometsere. Ndikadakhala ndi thumba la mbatata pamutu, bwenzi pano mukundisenza."

Mlamuyo sadayankhe, chifukwa zidali zoona. Munda wa kumtunda uja munthu amapitako chimanjamanja ndi khasu lokha, koma amabwerako ndi katundu: chimanga m'madengu, mbatata m'matumba, zonse kutsika potsetsereka mpaka pamene ngolo imafika. Mwendo udayankha mafunso awiri tsiku limodzi, ndipo mayankho ake adali osiyana.

M'minda adafika dzuwa litalowa. Ora lomaliza adayenda ndi kuunika kwa foni ya mlamu, mwana atatsogola kukanena kuti akubwera. Mkazi wake adawachingamira kumapeto kwa mudzi ndi ndowa ya madzi, osafunsa ngati adafika pamwamba. Adayang'ana mwendo, adayang'ana buluku, nati madzi osamba ali pamoto.

Usiku umenewo kakolo adatupa mpaka jombo idachita kuvulidwa ndi anthu awiri. Adagona mwendo atausanjika pa mtondo wogubuduza, atakulunga kapulana yonyowa. M'mawa kutupa kudaphwa ndi theka. Tsiku lachiwiri ndilo lidali loipitsitsa, monga zimakhalira ndi kuwawa kwa mnofu: ntchafu zonse ziwiri zidauma ngati mitengo, ndipo kukhala pansi kapena kudzuka kudali kochita kukuwa. Anthu odutsa ankati, si uyo, tidanena ife. Tsiku lachinai adapita kudimba. Sabata lotsatira adakwera chapa kukaonetsa mwendo, ndipo namwino atamva kumene adapita adagwira pakamwa, namukalipira ndithu, kenako adaupinda, kuudina ndi kumuyendetsa m'khonde. Fupa lidali bwino. Adamupatsa ntchito yatsopano: kutsika pa chitsa kapena pa sitepe pang'onopang'ono, mwendo wovulala utatsalira pamwamba kuti uzigwira thupi, kakhumi m'mawa ndi kakhumi madzulo, ndipo asasenze katundu wolemera potsetsereka kufikira mwendowo utaleka kunjenjemera.

Kwa amalume adapita onse awiri. Mlamu adafotokoza zonse monga adaonera, za thanthwe ndi za kugwa komwe, osachotsa kapena kuwonjeza. Bamboyo adavomera kuti ndi momwemo. Amalume adafunsa funso limodzi lokha, ngati pamwamba pakadali mphepo ija, poti iwo adakwerako ali mnyamata. Kenako adagamula kuti munda ukhale m'manja mwa mkamwini. Kulima, kubzala ndi kupalira n'kwake. Kututa chaka chino n'kwa mlamu, ndipo pa matumba asanu ndi limodzi alionse otsika kumtunda, limodzi lidzakhala lake. Mlamu adati asanu. Adakambirana mpaka thobwa lidatha, nagwirizana pa asanu ndi limodzi, koma mbewu ya mbatata ya chaka chamawa adzagawana.

Mvula yoyamba idagwa mu Novembala mizere ya kumtunda itatha kale, ngakhale idatenga masabata atatu m'malo mwa awiri. Luzi lija likadali pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo mpata wa chala chimodzi uja sudatsekeke. Njinga ili pakhonde, gudumu lakutsogolo lili chipindikire, kudikira ndalama ya nyemba.